Mankhwala Ochititsa Dzanzi Akasanduka Poizoni: Nkhani kwa Ogwira Ntchito Zachipatala m'Chigwa cha Shire

Akuluakulu oyang'anira zaumoyo m'maboma athu a Chikwawa ndi Nsanje, anzanga ogoneka odwala kufiyeta, madokotala, anamwino, azamba, ndi inu ophunzira mwakhala kumbuyoko, ena mwachokera ku Ndamera, ena ku Muona, ena ku Chapananga, ndipo mwasiya odwala pamzere, choncho ndipite pa nkhani.

Pa mankhwala onse amene timagwira tsiku ndi tsiku, palibe amene timawaopa pang'ono ngati lignocaine. Pethidine amakhala m'kabati yokhoma, wotenga amasaina m'buku. Lignocaine amangokhala pa thireyi, botolo lotsegula kale, aliyense n'kupopa mmene dzanja lake lazolowera. Mzamba amabaya posoka mayi amene wang'ambika pochira. Timabaya wodula nzimbe wa ku Nchalo amene chikwanje chamuphonya, ndi msodzi wa ku Elephant Marsh amene wapulumuka kukamwa kwa ng'ona. Timabaya pozula dzino, pa mdulidwe wa abambo, poyeretsa m'chiberekero mayi akapita padera. Bungwe la WHO linavomereza mu 2020 kuti dziko lathu lagonjetsa matenda a mntchetcha, koma abambo otsala ndi phudzi akadalipo m'midzi ya kuno, ndipo opaleshoni yawo imatheka munthu ali maso, atangochititsidwa dzanzi.

Sindinabwere kudzakuuzani kuti musiye. Wodwala wochititsidwa dzanzi amapuma yekha, sasanza, amadya msanga, ambiri amagona kwawo tsiku lomwelo. Kumalo kumene magetsi amathima ndipo wogoneka odwala ali mmodzi pa chipatala chonse, kubaya pa mtsempha womvera ululu nthawi zambiri n'kotetezeka kuposa kugoneka munthu. Kafukufuku wa kumayiko olemera amaonetsa kuti vuto lalikulu la poizoni wa mankhwalawa limagwera pafupifupi munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 1,000 obayidwa motere. Nambalayo ndi yaing'ono. Koma ikakugwerani, zonse zimatha m'mphindi zochepa, ndipo Blantyre ali kutali. Kuchoka pa Chikwawa Boma kukafika ku chipatala cha Gulupu ndi makilomita pafupifupi 50, okwera chikweza cha Thabwa. Kuchoka ku Nsanje ndi oposa 170. Tonse tikukumbukira madzi osefukira ku Makhanga mu Januwale 2015, komanso mu Malichi 2023 panthawi ya namondwe Freddy, pamene msewu kunalibe n'komwe. Ubongo wosowa mpweya umayamba kufa pakatha mphindi zinayi kapena zisanu. Wopulumutsa wodwalayo ndi amene wagwira sirinji, ndi zida zimene zili m'chipindamo nthawi imeneyo.

Tiyambe ndi mmene mankhwalawa amagwirira ntchito. Uthenga wa ululu umayenda m'mitsempha chifukwa cha timakomo ting'onoting'ono tolowetsa sodium. Lignocaine ndi bupivacaine amatseka timakomoti, monga mmene wothirira munda ku Kasinthula amatsekera chitseko cha ngalande kuti madzi asapitirire. Uthenga ukaima, ululu sufika ku ubongo. Vuto ndi lakuti ubongo ndi mtima nazonso zimayendera timakomo tomweto. Mankhwala akakhala pamene tawaika, munthu amangomva dzanzi pamalopo. Akachuluka m'magazi, amakatseka timakomo ta mu ubongo, kenako ta mumtima.

Amafika m'magazi m'njira ziwiri. Nsonga ya singano ikalowa mumtsempha wa magazi ife osadziwa, ngakhale mlingo wochepa umakwana, ndipo zizindikiro zimabwera pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri. Pakhosi ndiye poopsa kwambiri, chifukwa magazi a pamenepo amapita ku ubongo mwachindunji, moti mililita imodzi yokha ingathe kumukomola munthu. Njira yachiwiri ndi yoyenda pang'onopang'ono: tabaya pamalo oyenera koma tachulutsa, thupi likuyamwa, ndipo vuto limatulukira patatha mphindi 10, 20, ngakhale kupitirira theka la ola, wodwala ali kale pabenchi panja kapena ali m'wodi mopanda womuyang'ana. Malo okhala ndi magazi ambiri amayamwa msanga. Pakati pa nthiti ndi potsogola, kenako kumsana, kenako m'khwapa ndi paphewa, kenako m'ntchafu, pansi pa khungu ndiye pomaliza. Khomo la chiberekero ndi njira ya mayi amene wangochira kumene, magazi amakhala atadzaza, ndipo azamba muyenera kuziwerengera m'gulu la malo oyamwa msanga.

Wodwala amene ali maso amakuuzani yekha, ngati mwamupatsa mpata. Milomo ndi lilime zimachita dzanzi pamene simunabaye kukamwa. Mkamwa mumamveka ngati wanyambita chitsulo. Makutu amalira, amachita chizungulire, maso amachita chidima. Mawu amayamba kulemera ngati woledzera, kapena munthu amene anali phee amayamba kulongolola zosamveka ndi kufuna kudzuka. Kenako nkhope ndi zala zimanjenjemera, n'kukomoka, thupi lonse likuphiriphitha. Zikapitirira, kupuma kumaima, mtima umagunda mosokonekera, magazi amatsika mphamvu, mtima n'kuima.

Ndondomeko imeneyi ndi ya m'mabuku, ndipo odwala ambiri saitsata. Bupivacaine makamaka amatha kudumpha zonsezi n'kugwira mtima poyamba. Amalowa msanga m'timakomo ta mtima koma amatulukamo mochedwa kwambiri, n'chifukwa chake mtima woimitsidwa ndi bupivacaine umavuta kuudzutsa. Bupivacaine anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1963, ndipo anthu anamukonda chifukwa dzanzi lake limakhala maola ambiri. Mu 1979 dokotala wa ku America, George Albright, analemba m'magazini ya Anesthesiology za odwala amene mitima yawo inaima atangobayidwa bupivacaine kapena mnzake etidocaine. Ambiri sanafune kumumvera poyamba. Pofika 1983 boma la America linaletsa bupivacaine wa 0.75% kwa amayi obereka, amayi ena atamwalira kale. Mu 2004 ku Swindon, ku England, mayi wina amene anali namwino anamwalira atangochira kumene, chifukwa thumba la bupivacaine loyenera kupita kumsana linalumikizidwa ku diripi ya pamkono. Zinachitika m'chipatala chokhala ndi zida zonse.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna tikhalitsepo, pa masamu. Ngozi zambiri za mankhwalawa sizifuna makina kuti zipeweke. Zimafuna sikelo ndi cholembera.

Peresenti yolembedwa pabotolo, ichulukitseni ndi 10, ndipo mwapeza mamiligalamu amene ali mu mililita imodzi. Lignocaine wa 1% ali ndi mamiligalamu 10 pa mililita. Wa 2% ali ndi 20. Bupivacaine wa 0.5% ali ndi 5. Malire a lignocaine wopanda adrenaline ndi mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Wosakaniza ndi adrenaline amafika 7, chifukwa adrenaline amafinya mitsempha ya magazi n'kuchedwetsa kuyamwa. Bupivacaine malire ake ndi 2. Mabuku ena, makamaka a ku America, amalola lignocaine mpaka 4.5. Ine ndikukupemphani kuti kuno tigwire 3, amenenso ali m'buku la WHO la mdulidwe, chifukwa odwala athu ambiri ndi ochepa thupi ndipo thandizo lili kutali.

Tiwerengere limodzi. Mnyamata wa zaka 15 wabwera ku mdulidwe, sikelo yati makilogalamu 40. Malire ake ndi mamiligalamu 120, kutanthauza mamililita 6 a 2%. Sirinji ya mamililita 10 yodzaza ndi 2% ili ndi mamiligalamu 200. Mayi wa makilogalamu 50 malire ake ndi mamiligalamu 150, mamililita 7.5 okha a 2%. Nanga mwana wa makilogalamu 12 amene wang'ambika pamphumi? Mamiligalamu 36. Safika ngakhale mamililita awiri a 2%. Amene dzanja lake linazolowera kupopa mamililita asanu wamupatsa mwanayo pafupifupi katatu kuposa malire.

Wina anena kuti mamililita ochepa chonchi sangakwane bala lalikulu la ng'ona. Akunena zoona, ndipo yankho lake ndi kusungunula. Mukasakaniza 2% ndi saline wofanana naye, mwapeza 1%. Gawo limodzi la 2% ndi magawo atatu a saline zimapereka 0.5%, ndipo mayi uja wa makilogalamu 50 tsopano ali ndi mamililita 30 m'malo mwa 7.5, mamiligalamu ali omwewo. Pobaya m'mbali mwa bala, 0.5% amachititsa dzanzi mokwanira, ndipo ndi amene buku la WHO la mavuto a uchembere limalangiza posoka amayi. Ndikanakonda kuti botolo la 2% lisamafike pa thireyi ya mzamba lisanasungunulidwe.

Pali misampha itatu kapena inayi imene ndimaiona kawirikawiri. Woyamba ndi jakisoni wachiwiri. Tabaya, patha mphindi imodzi, tatsina, wodwala wati akumva, ife n'kuwonjezera. Lignocaine amafuna mphindi zitatu kapena zisanu pakhungu, ndipo pa mtsempha waukulu wa mkono kapena mwendo amafuna 10 mpaka 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa chithupsa kapena bala la mafinya mankhwalawa sagwira bwino chifukwa malowo ali ndi asidi, pomwe magazi akuyendapo ambiri, choncho kuwonjezera kumangokankhira mankhwala m'magazi. Msampha wina ndi kusakaniza lignocaine ndi bupivacaine n'kumaganiza kuti aliyense ali ndi malire akeake. Poizoni wawo amaphatikizana: mukapereka theka la malire a mmodzi, mwatsala ndi theka la winayo. Palinso kusinthana ntchito. Wa usiku wabaya osalemba, wa m'mawa wafika n'kubayanso. Lembani mamiligalamu ndi nthawi, osati kungoti wapatsidwa lignocaine. Ndipo anamwino a m'wodi, ceftriaxone wosungunula ndi lignocaine ndi wobaya m'mnofu basi. Asalowe mu kanula.

Malire ndatchulawa ndi a munthu wathanzi. Chiwindi ndicho chimaphwanya mankhwalawa, choncho bambo wotupa mimba chifukwa cha hepatitis B kapena kachasu sangapirire mlingo wa mnzake. Chimodzimodzi agogo, makanda, wodwala mtima kapena impso, wonyentchera, ndi amene wataya magazi ambiri. Mayi woyembekezera ali ndi zomanga thupi zochepa zogwira mankhwalawa m'magazi, motero ochuluka amayenda momasuka kukafika kumtima. Kwa onsewa tsitsani mlingo. Sikelo ikafa, musayerekeze mokweza. Maso athu amawonjezera makilogalamu pa munthu wovala zitenje ziwiri.

Chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'chigwa muno ndi mmene timamasulira kukomoka. Tinakulira pakati pa malungo. Mwana akaphiriphitha, maganizo athu amathamangira ku malungo aakulu. Mayi wa ku leba akakomoka timati ndi kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Mnyamata akagwa pa mdulidwe timati ndi mantha, kapena timafunsa abale ngati ali ndi khunyu. Zonsezi zimachitikadi. Koma munthu amene anali bwinobwino, n'kusintha khalidwe, kukomoka kapena kugwa pasanathe ola chibayireni mankhwala a dzanzi, mumutenge ngati walowa poizoni mpaka mutatsimikiza china. Yezani shuga, yezani malungo, yezani BP, koma muziyeza okosijeni akulowa kale. Wokomoka ndi mantha amatuwa, amatuluka thukuta, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo mukamugoneka n'kukweza miyendo amatsitsimuka msanga. Wa poizoni sabwerera chotero.

Pobaya penipeni, malamulo ake ndi ochepa. Musanatsegule botolo, onani kuti ambu bag, okosijeni, makina oyamwa malovu ndi diazepam zili pafupi. Mukafuna kubaya mlingo waukulu pa mtsempha wa mkono kapena mwendo, ikani kanula poyamba, ndipo kachipangizo koyezera mpweya ka pachala, monga ka Lifebox, kakhale kakulira. Werengani chizindikiro cha pabotolo mokweza mnzanu akumva. Kokani sirinji musanakankhe, muone ngati mukubwera magazi. Kankhani mamililita atatu kapena asanu, imani masekondi 30, kokaninso, kenako pitirizani. Kusatuluka kwa magazi si umboni wokwanira, chifukwa mtsempha waung'ono umatha kufwafwanyika mukakoka. N'chifukwa chake timabaya pang'onopang'ono, kuti kukalakwika kulakwike ndi mlingo wochepa. Ndipo chezani naye wodwalayo nthawi yonseyi, m'Chisena, m'Chimang'anja, chilichonse chimene amamasuka nacho. Mufunseni za ana, za munda. Muuzeni poyambirira kuti akamva makutu kulira kapena mkamwa kusintha anene, pakuti anthu athu amalemekeza dokotala mpaka kubisa zimene akumva. Mawu ake akayamba kulemera, chotsani chala pa sirinji. Kumene kuli makina a ultrasound ndi wodziwa kuwagwiritsa ntchito, ngozi imeneyi imatsika kwambiri, chifukwa mtsempha wa magazi umaoneka ndipo mlingo wofunika umachepa.

Anzathu osamalira mafupa, pa njira ya Bier, yomanga mkono n'kubaya mankhwala mumtsempha wa magazi, bupivacaine ndi woletsedwa kotheratu. Ndi lignocaine wa 0.5% wopanda adrenaline, ndipo chomangiracho chisamasulidwe mphindi 20 zisanakwane, ngakhale fupa litalowa kale m'malo. Lamba wa makina a BP wotha mphamvu, amene amaphwa yekha, si chomangira. Pa mdulidwenso adrenaline saloledwa.

Tinene kuti zachitika. Siyani kubaya, itanani anthu mokuwa. Chotsatira ndi mpweya, ndipo pano ndi pamene miyoyo yambiri imapulumukira. Munthu wophiriphitha sapuma bwino, okosijeni amatsika, asidi amakwera m'magazi, ndipo zinthu ziwirizi zimachititsa kuti mankhwala agwire mtima mwamphamvu kuposa kale. Tsegulani njira ya mpweya, perekani okosijeni wambiri, mupumireni ndi ambu bag ngati sakupuma mokwanira. Letsani kuphiriphithako ndi diazepam mumtsempha, mamiligalamu 5 pang'onopang'ono kwa wamkulu, kubwereza ngati sikunaleke, muli okonzeka kumupumira. Midazolam akakhalapo ndi wabwinonso. Phenytoin mupeweni, chifukwa naye amatseka timakomo tomwe tija. Pa poizoni wa lignocaine, odwala ambiri amene apatsidwa mpweya msanga amadzuka bwinobwino, popeza mankhwalawa sakhalitsa m'magazi.

Mtima ukaima, yambani kupsinja pachifuwa nthawi yomweyo, ndipo ngati ndi mayi woyembekezera wina akankhire chiberekero kumanzere. Pali zosiyana ndi zimene tinazolowera. Akatswiri a ku America amalangiza adrenaline wochepa, osapitirira mayikulogalamu imodzi pa kilogalamu. Mukasungunula miligalamu imodzi kufika mamililita 10, munthu wa makilogalamu 50 mumupatse theka la mililita. Mtima ukamagunda mosokonekera musapereke lignocaine monga amanenera mabuku akale, chifukwa ndiye wadzetsa vutolo. Amiodarone ndiye woyenera. Propranolol, verapamil ndi anzawo asayandikire. Ndipo musatope msanga. Mtima umenewu si wodwala, wangotsekedwa, ndipo pali anthu amene anabwerera atapsinjidwa pachifuwa kopitirira ola. Sinthanani mphindi ziwiri zilizonse, itanani ngakhale othandizira m'wodi.

Mankhwala othana ndi poizoni ameneyu alipo. Mu 1998 Guy Weinberg wa ku Chicago anaonetsa kuti makoswe opatsidwa mafuta oyera a m'diripi, aja odyetsera odwala osatha kudya, ankapirira bupivacaine wochuluka kuposa anzawo. Mu 2006 ku New York, Meg Rosenblatt ndi anzake analemba za bambo wa zaka 58 amene mtima wake unaima atabayidwa pakhosi pokonzekera opaleshoni ya phewa. Njira zonse zitakanika anamupatsa mamililita 100 a Intralipid wa 20%, mtima n'kuyambanso, ndipo anachira. Chaka chotsatira bungwe la ogoneka odwala la ku Britain ndi Ireland linaika mafutawa m'malangizo ake. Mafutawa amanyamula mankhwala kuchoka kumtima ndi ku ubongo kupita nawo ku chiwindi ndi minofu, komanso amaupatsa mtima mphamvu. Mlingo woyamba ndi mamililita 1.5 pa kilogalamu, mwachangu, kenako diripi ya mamililita 15 pa kilogalamu pa ola. Ngati mtima sunakhazikike, bwerezani mlingo woyamba uja mpaka kawiri, motalikirana mphindi zisanu, ndipo diripi muiwirikize. Zonse pamodzi zisapitirire mamililita 12 pa kilogalamu. Kwa munthu wa makilogalamu 50, poyamba ndi mamililita 75, ndipo botolo limodzi la 500 lingamukwanire pafupifupi mpaka kumapeto. Propofol ndi woyeranso, koma si mlowam'malo: mafuta ake ndi ochepa, ndipo kuti akwane mungamalize mtima womwe mukufuna kuudzutsa.

Mukabwerera, pitani ku famase mukafunse ngati botolo limeneli lilipo, ndipo ngati lilipo, lili pati usiku. Pempho langa kwa inu akuluakulu ndi lakuti chipatala chilichonse chokhala ndi fiyeta m'maboma awiriwa, cha boma kapena cha mishoni, chikhale ndi botolo limodzi kapena awiri, mlingo wake utamatidwa pabotolo pomwepo. Liyenera kusungidwa posapitirira madigiri 25, osaumitsidwa. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola 40, choncho shelefu ya m'fiyeta si malo ake pokhapokha chipindacho chili chozizira. Kumene mafutawa kulibe, maganizo anga ndi akuti bupivacaine wa mlingo waukulu asamabayidwe pa mitsempha ya mkono ndi mwendo ngati lignocaine wosakaniza ndi adrenaline angagwire ntchitoyo. Sindikunena za jakisoni wa pamsana wa amayi a opaleshoni. Pamenepo timapereka mamiligalamu 10 kapena 12.5 okha, ndipo zoopsa zake ndi zina, kutsika kwa BP ndi dzanzi kukwera m'chifuwa.

Wodwala akatsitsimuka musamuthamangitsire mu ambulansi. Amene anangokomoka ayang'aniridwe maola osachepera awiri. Amene mtima unasokonekera, maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, chifukwa vuto limatha kubwerera mankhwala otsala pamalo obayidwa akamayamwidwa. Ngati n'koyenera kumutumiza ku Blantyre, apite atakhazikika, ndi okosijeni wokwana ulendo wonse, ndi munthu wodziwa kupumira wodwala atakhala pambali pake.

Kenako lembani. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lili ndi fomu yolemberapo zovuta zobwera ndi mankhwala. Lembanipo kulemera kwa wodwala, mankhwala, mamiligalamu, malo obaya, nthawi imene zizindikiro zinayamba, ndi zimene munachita. Kambiranani pa lipoti la m'mawa mosaloza chala munthu, chifukwa mnzathu akanyozedwa kamodzi, wotsatira adzalemba kuti anali malungo. M'buku la kuchipatala la wodwalayo musalembe kuti thupi lake limadana ndi lignocaine. Kudana kwenikweni ndi mankhwalawa n'kosowa kwambiri, ndipo mawu amenewo adzachititsa kuti tsiku lina agonekedwe popanda chifukwa, kapena asokedwe akumva ululu. Lembani kuti mankhwala anachuluka m'magazi, mlingo unali wakuti, ndipo mufotokozereni iye ndi omudikirira kuti angathe kudzabayidwanso mosamala.

Amene muli ndi mafunso, makamaka pa masamu aja, tiwerengere limodzi pabolodi.